M'bale wanu akamangidwa: zoyenera kuchita kuyambira ku polisi mpaka ku apilo

Mukamva kuti m'bale wanu watengedwa ndi apolisi, tengani kope ndi cholembera musanatuluke m'nyumba. Lembani tsiku ndi ola limene wagwidwa, malo amene amugwirira, ndi polisi imene apita naye. Mtima ukakhala m'mwamba zimenezi zimaoneka ngati zotaya nthawi, koma milandu m'Malawi muno imayenda ndi nthawi zoikika: maola 48, masiku 30, masiku 90, masiku 10 a apilo. Munthu amene ali m'chitokosi foni amulanda, tulo sakugona, masiku amamusokonekera. Amene angawerenge bwino ndi inu amene muli kunja. Ku Maula, ku Chichiri, ku Zomba ndi ku Mzuzu kuli anthu amene akukhalitsa pa rimandi chifukwa chosowa wowalondolera nkhani yawo, chonsecho lamulo linawapatsa kale mpata wopempha kutuluka.

Mukafika pa kauntala

Pitani nokha kapena ndi munthu mmodzi wodekha. Mukapita chigulu, wina akulira, wina akulalata, amangokutulutsani panja. Perekani moni, nenani ubale wanu ndi womangidwayo, kenako funsani: akumuganizira mlandu wanji, wapolisi amene akufufuza nkhaniyi ndi ndani, ndipo apita naye liti ku khoti. Mayankho onse alowe m'kope muja.

Simukupempha chifundo pofunsa zimenezi. Gawo 42 la Malamulo oyendetsera dziko lino, amene anabwera mu 1994, limati womangidwa auzidwe msanga chifukwa chomumangira, m'chiyankhulo chimene amamva. Limamulolanso kuonana ndi mkazi kapena mwamuna wake, achibale, mtsogoleri wa chipembedzo chake, dokotala, komanso loya, amene ayenera kukambirana naye popanda wina kumvetsera.

Asanalowe m'chitokosi amavula lamba ndi nsapato, ndipo foni ndi ndalama zimasiyidwa pa kauntala. Funsani ngati zonse zalembedwa m'buku, ndalama zitchulidwe kuchuluka kwake. Mayi amasechedwa ndi wapolisi wamkazi. Mubweretsereni chakudya ndi madzi, ndipo musadabwe akakuuzani kuti mulawe kaye. Ngati amamwa ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a khunyu, bweretsani mankhwalawo tsiku lomwelo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, muwauze apolisi ola limene amamwera. Akakhala kuti wavulala pomugwira, kaya wamenyedwa ndi anthu kaya ndi apolisi, kakamirani kuti apite kuchipatala ndipo mabalawo alembedwe.

Pali kumanga kwina kumene simuyenera kungokuvomereza. Ngati apolisi akufuna mwamuna amene wathawa, alibe mphamvu zosunga mkazi wake kapena mayi ake kuti wothawayo abwere. Mlandu ndi wa amene waupalamula. Kulephera kubweza ngongole si mlandu wa polisi, pokhapokha ngati ndalamazo zinatengedwa mwachinyengo. Wokongoza akadandaule ku khoti. Za vakabu nazonso zinasintha. Mu 2017 High Court, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha ku Blantyre akupita ku geni yake, inagamula kuti gawo 184(1)(c) la lamulo la milandu ya upandu la Penal Code, limene apolisi ankamangira munthu chifukwa chongomukayikira ndi malo kapena nthawi imene amupeza, n'lotsutsana ndi Malamulo oyendetsera dziko. Mukakumana ndi zotere, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo.

Sitetimenti: apa m'pamene milandu yambiri imaonongekera

Wapolisi wofufuza amamutenga woganiziridwayo kupita naye mu ofesi, n'kumufunsa ngati akufuna kunenapo kanthu pa mlanduwo. Asanayambe ayenera kumuchenjeza kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndi kuti zimene anene zikhoza kukagwiritsidwa ntchito ku khoti. Mukapeza mpata wolankhula ndi m'bale wanu, muuzeni zimenezi momveka. Atchule dzina lake ndi kumene amakhala, koma pa za mlanduwo angathe kunena kuti, "Ndikalankhula ndikaonana ndi loya," kapena, "Ndikalankhulira ku khoti."

Akasankha kulankhula, anene zoona zokhazokha, ndipo asasayine kapena kudinda chala asanamve zonse zimene zalembedwa. Ngati satha kuwerenga, kapena zalembedwa m'Chingerezi, apemphe kuti amuwerengere m'chiyankhulo chake, mzere ndi mzere. Pepala lopanda kanthu asalisayine. Lamulo limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu, n'zoona, koma pepala likasayinidwa limakafika pamaso pa majisitireti, ndipo kuliwukira pambuyo pake kuti "ndinasayina chifukwa cha mantha" ndi ntchito yaikulu. Ngati anamenyedwadi, akanene tsiku loyamba lomwe waonekera ku khoti, mabala akadaoneka.

Maola 48 ndi belo ya ku polisi

Womangidwa ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa nthawi imene khoti silikugwira ntchito, amapita tsiku loyamba limene khoti latsegula. Wogwidwa Lachisanu madzulo ndiye kuti aonekera Lolemba. Wogwidwa Lolemba m'mawa sayenera kufika Lachinayi akadali m'chitokosi osaonana ndi majisitireti. Nthawiyo ikadutsa, apite ku khoti kapena atulutsidwe, ndipo "tikufufuzabe" si yankho lokwanira. Ngati apolisi akufuna nthawi ina, akapemphe khoti.

Pa milandu ing'onoing'ono apolisi angathe kupereka belo iwo eni. Belo ya ku polisi ndi yaulere, ndipo apolisi eni ake amalengeza zimenezi kawirikawiri. Chimene chimafunika ndi munthu wodziwika kumene amakhala, amene angalonjeze kuti womangidwayo adzabwera tsiku limene wauzidwa. Wina akakukokerani pambali n'kunena kuti pakufunika kangachepe kuti zinthu ziyende, dziwani kuti ndi ziphuphu, ndipo lamulo limalanga wolandira ndi wopereka yemwe. Ndikudziwa kuti mwana wanu akakhala mkati chiyeso chimakula, koma ndalama yoteroyo ilibe lisiti, ndipo mawa akhoza kumutenganso pa nkhani yomweyo. Kanenani kwa mkulu wa polisiyo, ku Anti-Corruption Bureau, kapena ku Independent Complaints Commission, bungwe limene limalandira madandaulo okhudza apolisi.

Tsiku loyamba ku khoti

Pafupifupi milandu yonse imayambira kwa majisitireti. Yakupha munthu ndi youkira boma imangodzera pamenepo, kuzengedwa kwake ndi ku High Court. Mamajisitireti nawonso amasiyana mphamvu: Resident Magistrate angathe kugamula mpaka zaka 21, wa giredi yoyamba mpaka zaka 14, ndipo otsika amachepera pamenepo.

Lawirirani. Khoti ndi la anthu onse, mungathe kulowa n'kukhala kumbuyo, foni itazimitsidwa. Funsani kalaliki nambala ya mlandu ndi dzina la majisitireti, mulembe. Nambala imeneyi ndi imene aliyense wofuna kukuthandizani adzayambe kufunsa.

Dzina likaitanidwa, m'bale wanu amaima m'kabokosi, mlandu n'kuwerengedwa. Womasulira amatembenukira kwa iye: "Mwaumva mlanduwu? Mukuuvomera kapena mukuukana?" Funso limeneli ndi lolemera kuposa mmene limamvekera. Tiyerekeze mnyamata anagula foni pa msika, osadziwa kuti ndi yobedwa. Akamva kuti "unapezeka ndi foni ya uje," mtima umamuuza kuti avomere, chifukwa foniyo anali nayodi. Koma mlandu wolandira katundu wobedwa umafuna kuti munthu akhale kuti ankadziwa, kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti katunduyo ndi wakuba. Mnyamatayu ayenera kunena kuti, "Foniyo ndinapezeka nayo, koma ndinagula, sindinkadziwa kuti ndi yobedwa." Majisitireti akamva "koma" ameneyu amalemba kuti wakana mlandu, popeza lamulo limati kuvomera kukhale kwathunthu, munthu atamvetsa mlanduwo ndi zotsatira zake.

Ambiri amavomera chifukwa chotopa ndi chitokosi, kapena chifukwa wina wawanong'oneza kuti "ungovomera, akakupatsa chindapusa chochepa, uzipita kwanu." Wonena zimenezo si amene amagamula. Chilango chimachokera kwa majisitireti yekha, ndipo wovomera mlandu sangadzachite apilo yotsutsa kuti ndi wolakwa. Angadandaule za kukula kwa chilango kapena ngati chili chosemphana ndi lamulo, basi. Ngati anapalamuladi, kuvomera msanga kumathandiza, khoti limachepetsako chilango. Ngati sanapalamule, kapena sakumvetsa, akane kapena anene kuti sanamve. Kukana mlandu si mwano. Amene samva bwino Chichewa kapena Chingerezi apemphe womasulira m'Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena chiyankhulo chilichonse chimene amamva, ndipo salipira kanthu.

Kupempha belo ku khoti

Safunika loya kuti apemphe belo kwa majisitireti. Atangoyankha mlandu anyamule dzanja: "Bwana, ndikupempha belo." Anene kumene amakhala, ntchito yake, banja limene akusamalira, matenda ngati alipo. Malamulo oyendetsera dziko amati munthu atulutsidwe pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe, choncho woimira boma akakana ayenera kupereka zifukwa. Khoti limaona ngati munthuyo angathawe, angaopseze mboni kapena kuononga umboni, angavulaze ena, kapena ngati kutuluka kwake kungabweretse chisokonezo. Pa mlandu wakupha belo imapemphedwa ku High Court, ndipo apa m'pofunika loya.

Ntchito yanu ndi kubwera ndi omuimira, kawirikawiri awiri, atatenga ziphaso zawo za unzika. Khoti limawafunsa ubale wawo ndi wozengedwayo, kumene amakhala ndi zimene ali nazo. Woimira mnzake adziwe chimene akulowa: wozengedwayo akathawa, ndalama imene analonjeza idzafunidwa kwa iye. Khoti likalamula kuti paperekedwe ndalama, lipirani ku ofesi ya khoti, landirani lisiti ya boma, muisunge bwino. Ndalama ya belo si chindapusa. Imabwezedwa mlandu ukatha ngati munthuyo sanaphwanye zimene anauzidwa.

Akatuluka, asajombe ku khoti ngakhale tsiku limodzi, akaonekere ku polisi masiku amene auzidwa, ndipo asayandikire mboni za boma, ngakhale kudzera mwa inu. Akadwala, wina apite ku khoti ndi kalata ya kuchipatala. Wothawa belo amafunidwa ndi chikalata chomumangira, ndipo mlandu suwola: akadzagwidwa, belo ina idzavuta.

Belo ikakanidwa, werengani masiku

Apa ndi pamene anthu amaiwalidwa. Mlandu umangosunthidwa: lero mboni sizinabwere, mawa galimoto yokatenga akaidi ilibe mafuta, mkuja fayilo sikuoneka. Abale amatopa, ndalama zoyendera zimatha, munthu n'kutsala yekha.

Mu 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, linaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe mlandu wake usanayambe kuzengedwa. Pa mlandu wa kwa majisitireti ndi masiku 30. Pa mlandu wopita ku High Court ndi masiku 30 podikira kuti autumize kumeneko, ndi masiku 60 utatumizidwa. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kuukira boma, kugwiririra, kugona ndi mwana, ndi kuba moopseza, ndi masiku 90. Boma lingapemphe khoti kuti lionjezere, koma osapitirira masiku ena 30. Nthawiyi ikatha mlandu usanayambe, khoti lingathe kupereka belo, ndipo wozengedwayo angathe kupempha yekha. Sizichitika zokha. Pamafunika wina wonena kuti, "Bwana, ndinamangidwa tsiku lakuti, lero masiku akwana akuti, mlandu sunayambe." Tsiku limenelo lili m'kope lanu.

Majisitireti akakana belo, mungathenso kukapempha ku High Court.

Nanga loya timupeza kuti?

Ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene ntchito yake ndi kuimira anthu osowa. Lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Funsani ku khoti la kwanu ofesi imene ili pafupi. Adzafunsa za kapezedwe kanu, ndipo ena amauzidwa kuti asonkheko pang'ono. Maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu, choncho pitani msanga, ndi nambala ya mlandu. Palinso maparalegal, anthu ophunzitsidwa za malamulo koma osakhala maloya, a bungwe la Paralegal Advisory Service Institute (PASI), amene akhala akuyendera ndende kuyambira mu 2000, komanso a bungwe loona za ufulu wa anthu la CHREAA ku Blantyre. Iwowa amathandiza kulemba pempho la belo, kulondola fayilo ndi kufufuza abale.

Ufulu wokhala ndi loya tisauone ngati wamasewera. Mu 1983 Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera, onse awiri maloya, anagamulidwa kuti aphedwe ndi khoti la mafumu limene silinkalola maloya kuimira anthu. Masiku ano mlandu wa upandu umazengedwa ku khoti la boma, ndipo mfumu ya m'mudzi ilibe mphamvu zotumiza munthu kundende.

Mlandu ukayamba kuzengedwa

Boma ndi limene limayamba, chifukwa ndi limene liyenera kutsimikizira khoti, mosasiya chikaiko, kuti munthuyo analakwa. Mboni iliyonse ikamaliza, majisitireti amafunsa wozengedwayo ngati ali ndi mafunso. Ambiri opanda loya amayamba kufotokoza nkhani yawo yonse, akadulidwa pakamwa n'kukhala pansi mokhumudwa, kapena amangoti "ndilibe funso." Nthawi imeneyi ndi yofunsa basi, ndipo zimene simunazitsutse khoti likhoza kuzitenga ngati zoona. Mafunso akhale aafupi: "Mwati munandiona usiku. Inali nthawi yanji? Panali kuwala kwanji? Munaima patali bwanji? Munkandidziwa kale? Munawauza liti apolisi dzina langa?" Ngati mboni ikunama, aiuze maso ndi maso: "Ndikukuuzani kuti tsiku limenelo ndinali ku maliro kwa Kabudula, mukuti bwanji?" Mukapita kukamuona, konzekerani limodzi mafunsowa, awalembe papepala.

Mboni za boma zikatha, khoti limaona ngati pali mlandu woti ayankhe. Ngati palibe, amamasulidwa pomwepo. Ngati ulipo, sikuti wapezeka kale wolakwa, ndi nthawi yake yodziteteza. Angathe kupereka umboni atalumbira, woimira boma n'kumufunsa mafunso, kapena kukhala chete, ndipo angathe kuitana mboni zake. Mboni ikamakana kubwera, apemphe khoti kuti liitumizire samani.

Anthu amafunsa kawirikawiri ngati nkhani ingathe kukathera kunyumba. Pa milandu yaing'ono ya pakati pa anthu, monga kumenyana kosavulazana kwambiri, khoti lingathe kulola kuti agwirizane ndi kupepesana, koma zichitike khoti likudziwa. Pa mlandu wogwiririra, wogona ndi mwana kapena wakupha, mwini mlandu ndi boma, ndipo mbuzi kapena ndalama zoperekedwa ku banja la wolakwiridwa siziuthetsa. Kunyengerera mboni kuti isabwere ndi mlandu winanso, ndipo kumapweteka mwana amene walakwiridwa kale.

Womangidwa akakhala wosakwana zaka 18, nenani msanga, ndipo bweretsani chilichonse chosonyeza msinkhu wake: kalata yobadwira, buku la sikelo kapena kalata ya kusukulu. Mwana sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu, kholo kapena womulera ayenera kudziwitsidwa ndi kukhalapo, ndipo nkhani yake imapita ku khoti la ana motsatira lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Pa zolakwa zing'onozing'ono angathe kuwongoleredwa osazengedwa mlandu, ndipo pa zazikulu kuli malo osungirako ana monga ku Mpemba ndi ku Chilwa. Mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu.

Chigamulo, chilango ndi apilo

Akapezeka wolakwa, khoti limamufunsa ngati ali ndi chonena chilango chisanaperekedwe. Si nthawi yokananso mlandu. Anene ngati n'koyamba kupalamula, msinkhu wake, matenda, ngati katundu anabwezedwa, ngati anapepesa, ndi nthawi imene wakhala kale pa rimandi, n'kupempha kuti chilango chiwerengedwe kuyambira tsiku limene anamangidwa. Kwa wopalamula koyamba, lamulo limauza khoti kuti liyambe laganizira zilango zina lisanamutumize kundende, monga chilango choimitsidwa kapena kugwira ntchito zothandiza anthu akuchokera kunyumba. Pa milandu ikuluikulu ndende siipeweka, koma pa ing'onoing'ono ndi bwino kupempha. Chikakhala chindapusa, lipirani ku ofesi ya khoti ndipo tengani lisiti.

Ngati simukukhutira ndi chigamulo cha majisitireti, apilo imapita ku High Court, ndipo yochokera ku High Court imapita ku Supreme Court of Appeal. Pa chigamulo cha majisitireti muli ndi masiku 10 okha olembera khoti kuti mukufuna kuchita apilo, kenako mumapereka zifukwa zake. Amene ali kale kundende angathe kupereka kalata yake kudzera kwa mkulu wa ndendeyo. Masikuwo akadutsa, mungapemphe High Court kuti ikulandirenibe, koma mudzafunika kufotokoza chimene chinakuchedwetsani. Pemphani kope la chigamulo ndi zolembedwa za mlandu wonse kwa kalaliki, chifukwa jaji amaunika zimene zinalembedwa. Zifukwa zanu ziloze pamene khoti linalakwitsa: umboni umene sunaganiziridwe, mboni imene simunaloledwe kuifunsa kapena kuiitana, chilango chopyola muyezo. Dziwaninso kuti pa apilo chilango chikhoza kutsika, kukhala chomwecho kapena kukwera, choncho onanani ndi loya kapena paralegal masiku 10 aja asanathe.